Ulemu upite kwa Bwana Distance

Mawu a Chingerezi amene timawalemekeza amabwera atamanga tayi: development, democracy, budget. Timawaombera m'manja pamsonkhano, mawa lake atigwiritsa fuwa la moto. Koma lilipo liwu lina limene palibe analiphikirapo thobwa, chonsecho lagwira ntchito yolemetsa kuposa onsewo. Ndikunena distance, mtunda uja timautukwana basi ikachedwa, mpata uja uli pakati pa inu ndi chinthu chimene mukuchifuna. Lero ndaimirira kuti ndiwathokoze abwanawa.

Mbiri yawo ndi ya munthu wotembenuka mtima. Anabadwira m'Chilatini, m'mawu onena za kuima motalikirana, ndipo anafika ku England kudzera m'Chifalansa. Cha m'ma 1300, Mngerezi akati pakati pa mafumu awiri pali distance, ankatanthauza kuti pali mkangano. Pang'ono ndi pang'ono abwanawa anasiya ndewu n'kuyamba ntchito yoleretsa. Lero anthu awiri akayambana ku London, anzawo amawalangiza kuti asunge distance. Ndi mlaliki uti amene anasintha khalidwe kufika pamenepa?

Mu 1966, katswiri wa chikhalidwe cha anthu wa ku America, Edward T. Hall, anatenga tepi n'kuyeza ufumu wa abwanawa m'buku lake la The Hidden Dimension. Masentimita 45 oyambirira kuchokera pakhungu panu anawapereka kwa okondana ndi ogwetsana. Kuchokera apo mpaka mita 1.2 ndi malo a abwenzi, mpaka mamita 3.6 ndi a anthu odziwana pa ntchito, ndipo kupitirira apo ndi kwa olankhula pagulu, monga andale, amene amaoneka bwino kwambiri akakhala kutali. Bambo Hall akanakwera minibasi ya anayianayi pampando, nkhuku ya eni ili pamiyendo pawo, bukulo likanakhala lopyapyala. Komabe makolo athu sanadikire tepi ya munthu. Mkamwini akaona apongozi akazi akubwera m'njira ankapatukira kutchire, moni n'kumaperekera komweko atanyonyomala. Anthu osakumana maso amayambana bwanji?

Chaka cha 2020, pa nthawi ya mliri, ndiye abwanawa analowa ufumu wa dziko lonse. Social distancing inamveka pa wailesi iliyonse. Bungwe la WHO linati mita imodzi, boma la Britain linati mamita awiri, a ku America anati mafiti 6, ngati kuti kachilomboko kamayang'ana pasipoti kasanadumphe. Matendawo anali oopsa ndipo anatilanda abale, izo sitiseka. Koma tisanamizane: alipo anthu amene kwa nthawi yoyamba anapeza chilolezo cha boma chozembera alendo odya nkhuku, misonkhano yosatha ndi mzere wa zopereka za ukwati. A WHO anayesa kusintha dzinalo kuti likhale physical distancing, poopa kuti anthu asiya kukondana. Dzina latsopanolo silinayende malonda.

Pa masewera ndiye abwanawa amalamula ngati mfumu yosafunsidwa. Mpikisano wa marathon ndi makilomita 42.195. Bwanji osangoti 42, anthu akapume? Chifukwa pa Olimpiki ya ku London mu 1908 njira inayambira ku Windsor Castle n'kukathera patsogolo pa mipando ya banja lachifumu m'bwalo la White City, ndipo mu 1921 mtundawo unakhazikitsidwa kukhala lamulo. Dorando Pietri wa ku Italy analowa m'bwalomo ali patsogolo, koma anagwa kangapo, akuluakulu a mpikisano n'kumudzutsa mpaka kumufikitsa pamzere, ndipo chifukwa cha chifundo chimenecho anamulanda chipambano. Ku nkhonya nako, akati munthu wapita distance yonse ndiye kuti wakunthidwa mpaka raundi yomaliza osakomoka. Wagonja, nkhope yatupa, koma amamuyamikira. Ndi bwana uti wina amene amapereka ulemu kwa munthu chifukwa chomenyedwa nthawi yaitali?

Kusukulu abwanawa ndi mphunzitsi wabwino koposa: sakwapula, sakutumani nkhuni, saona mukamasinza. Yunivesite ya London inatsegula khomo mu 1858 kuti munthu alembe mayeso ake osapondako m'kalasi, ndipo Nelson Mandela ankaphunzira zamalamulo mwa njira yomweyo ali m'ndende. Kwathu kuno ambiri amene sanasankhidwe kupita ku sekondale anapulumukira ku sukulu yophunzitsa patali ya MCDE. Pa chikondi sindichulutsa gaga m'diwa. Mwamuna wa long distance sachita mkonono, sataya masokosi pabalaza, ndipo pa chithunzi amakhala atasamba nthawi zonse.

Adani sasowa. Mu 1997 Frances Cairncross, mtolankhani wa The Economist, anatulutsa buku lotchedwa The Death of Distance, kulengeza maliro a abwanawa, ati mafoni ndi intaneti zawapha. Taonani zimene zatigwera chichitikireni mwambo wa malirowo. Kale mwana wopita ku Joni ankalandira kalata yoyenda masabata, ndipo pempho la ndalama linkafika vuto litatha lokha. Chibale ndi fupa sichiola, inde, koma chinkasungika bwino kwambiri chili patali. Lero malume amaona pa WhatsApp kuti uthenga wawo mwauwerenga, amaonanso kuti usiku munali maso, ndipo mmawa azakhali akudziwa kale.

Mwamwayi m'bokosimo munalibe mtembo. Funsani dalaivala amene amakoka mafuta kuchokera ku Dar es Salaam kapena fetereza kuchokera ku Beira: kilomita iliyonse imalowa mu mtengo umene mumalipira, ndipo intaneti sinanyamulepo thumba ngakhale limodzi. Abwanawa anangosamutsa likulu lawo. Chombo cha Voyager 1, chimene chinanyamuka mu 1977, chili kutali moti uthenga woyenda pa liwiro la kuwala umatenga maola oposa 22 kuti uchipeze. Funso lakuti "mundibwezera liti?" lingafike mawa, yankho lakuti "netiweki ikuvuta" n'kubwera mkuja. Akadzayamba kugawa mapuloti kumeneko, mundilembe dzina.