Chilangizo kwa Olemekezeka atsopano: kasamalidwe ka chilungamo kuti chisakuzolowereni

Olemekezeka, khalani pansi. Kulumbira mwalumbira, mbendera akuikirani pagalimoto, ndipo abale omwe simunawaonepo chibadwire ayamba kale kuimba foni. Chatsala n'chilangizo, chifukwa namwali wosalangizidwa amachititsa manyazi mudzi wonse. Lero tikambe za makhoti, apolisi ndi anthu aja a ku bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB, omwe malamulo a dziko lino anawapatsa kamtima koganiza kuti angathe kukufunsani mafunso.

Njira za makolo muziiwale. Kale zinthu zinali zosavuta. Mu 1969, boma la Kamuzu litaona kuti majaji a High Court akumasula anthu ponena kuti umboni ndi woperewera, silinataye nthawi n'kukangana nawo. Linangosintha lamulo, n'kupatsa makhoti a miyambo mphamvu zozenga milandu ikuluikulu, ngakhale yonyongetsa munthu. Majaji achizungu analongedza masutikesi, ndipo palibe anawagwira mwendo. M'khoti lotereli, momwe loya sankaloledwa kuimira munthu, ndi momwe Orton Chirwa, nduna yoyamba ya zachilungamo m'dziko muno, anazengedwa mlandu woukira boma pamodzi ndi mayi Vera Chirwa. Mu 1983 anawagamula kuti anyongedwe, kenako chilangocho chinasinthidwa kukhala cha moyo wonse, ndipo Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Njirayi inkagwira ntchito, koma masiku ano n'njodula: maiko otithandiza amawerenga nyuzipepala, ndipo ngakhale wogulitsa mandasi ali ndi foni yojambula.

Kuchotsa jaji masanasana nakonso musayerekeze. Anzanu anayesa mu November 2001, pamene aphungu a Nyumba ya Malamulo, nthawi ya Bakili Muluzi, anavota kuti majaji Dunstain Mwaungulu, Anaclet Chipeta ndi George Chimasula Phiri achotsedwe. Phokoso linachokera mbali zonse, nkhaniyo inazilala, ndipo a Mwaungulu ndi a Chipeta m'kupita kwa nthawi anakwera mpaka ku Supreme Court. Ambiri mwa aphungu aja lero ngakhale kwawo sawakumbuka dzina.

Ena anaganiza zobwera ndi chikondi, ndipo apa mumvetsetse bwino chifukwa nzeruyo inali yokongola, inangolakwika nthawi. Pa 3 February 2020 majaji asanu anathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019, chija cha Tipp-Ex. Anafika kukhoti ataperekezedwa ndi asilikali, nawerenga chigamulo kuyambira m'mawa mpaka mdima. Mu May, Supreme Court motsogozedwa ndi jaji wamkulu Andrew Nyirenda inagwirizana nawo. Ndiye pa 12 June, kutatsala masiku 11 kuti anthu akavotenso, mlembi wamkulu wa boma Lloyd Muhara analengeza kuti a Nyirenda aunjika masiku ambiri a tchuthi, choncho apite akapume mpaka tsiku lawo lopumira pantchito. Jaji Edward Twea nayenso anamuganizira chimodzimodzi. Taonani chifundo chakecho! Boma lomwe aphunzitsi amachita kulikuwira kuti liwapatse ndalama zawo za tchuthi, mwadzidzidzi linagwidwa ndi nkhawa kuti anthu awiri atopa. Maloya anaguba m'misewu atavala mikanjo yawo yakuda, khoti linaletsa zonsezo, majajiwo anabwerera pampando, ndipo pamapeto a Peter Mutharika, omwe anali Pulezidenti nthawiyo, ndi a Muhara analamulidwa kulipira ndalama zoyendetsera mlanduwo kuchokera m'matumba mwawo. M'thumba mwanu, Olemekezeka. Mawu amenewo azikudzidzimutsani kutulo.

Tsono gwirani ichi, chifukwa chilangizo chonse chagona apa: jaji musamukhudze. Jaji sagamula mlandu womwe sunafike patebulo pake. Pakati pa ndalama yosowa ndi tebulo la jaji pali ulendo wautali, wodutsa kwa wofufuza, kwa wosunga mafailo, kwa woimira boma pamilandu, kwa dalaivala amene akudikira mafuta. Paliponse pamenepo mlandu ungathe kukhala pansi n'kupuma, inu manja anu ali oyera, mukuyankhula pawailesi kuti boma lanu limalemekeza ufulu wa makhoti.

Yambani ndi wofufuza. Mukalakwitsa n'kusankha munthu wokonda ntchito yake, musamuchotse, m'topetseni. Chitsanzo chili pafupi. Martha Chizuma analowa pampando wa mkulu wa ACB mu 2021, nayamba kutokosa nkhani ya makontirakiti a boma okhudza wamalonda Zuneth Sattar. Mu January 2022 panatuluka mawu ake ojambulidwa mobisa akucheza pafoni, ndipo kuyambira pamenepo dziko linasiya kufunsa za makontirakiti n'kuyamba kufunsa za foni. Pa 6 December 2022, tambala asanalire kachiwiri, apolisi onyamula mfuti anazinga nyumba yake ku Lilongwe, namutengera ku polisi ya Namitete, panjira ya ku Mchinji, ngati kuti mumzinda wonse wa Lilongwe munalibe chitokosi. Wodandaula anali mkulu woimira boma pamilandu, Steven Kayuni, munthu yemwe amayenera kukhala mnzake pantchito. Dzuwa lisanalowe anali atatuluka, ndipo nduna ya zachilungamo inauza Nyumba ya Malamulo kuti akuluakulu a boma sankadziwa kalikonse.

Mawu amenewo alowezeni pamtima: sitimadziwa. Musachite nawo manyazi. M'dziko muno kusadziwa zomwe apolisi anu akuchita si chifukwa chotulira pansi udindo, koma umboni woti simulowerera ntchito zawo.

Zotsatira zake mukuzikumbuka. Panakhazikitsidwa komiti yofufuza, wapampando wake jaji Edward Twea yemwe uja wa tchuthi. A Kayuni anachotsedwa mu January 2023. Kumapeto kwa mwezi womwewo mayi Chizuma anaimitsidwa ntchito, mu February milandu yawo inathetsedwa, nabwerera kuofesi. Wina anganene kuti palibe chinapindulidwa. Ameneyo sadziwa kuwerengera. Miyezi yonse imeneyo mkulu wosaka akuba anali kalikiliki kudziteteza yekha, ndipo wofufuza wamng'ono aliyense mu ofesi muja anaona ndi maso ake zomwe zimagwera munthu wolimbikira. Kontirakiti yawo itatha mu 2024, bungwelo linayenda nthawi yaitali ndi wongogwirizira udindo. Ogwirizira muziwakonda, Olemekezeka. Munthu amene akudikira kalata yomutsimikizira ntchito amagogoda kaye asanatsegule failo.

Ndalama zoyendetsera mabungwewa musazikane, chifukwa kukana kumamveka. Mu bajeti lembani chiwerengero chooneka bwino, aphungu aombe m'manja. Kenako muzitumiza pang'onopang'ono, mochedwa, mwezi wina n'kuiwalako. Galimoto yopanda mafuta sinamangepo munthu.

Failo ikakanika kugona, nthawi zina Mulungu amathandiza. Mu July 2014, khoti litalamula kuti mavoti a dera la Lilongwe City South East awerengedwenso, nyumba yosungiramo katundu ya bungwe loyendetsa zisankho inapsa, mavoti ali momwemo. Mu February 2017, nkhani yogula chimanga ku Zambia ili m'kamwam'kamwa, maofesi a unduna wa zaulimi ku Capital Hill anagwira moto. Ine sindikuloza munthu chala. Mawaya a magetsi m'dziko muno ndi okalamba, kungoti ena mwa iwo akuoneka kuti amatsatira nkhani.

Koma mankhwala enieni, osanunkha utsi, ndi nthawi. Akuluakulu anati mlandu suwola. Ananena zoona, koma sanaonepo mlandu ukuuma. Nkhani ya K1.7 biliyoni yokhudza a Muluzi inayamba kumveka ndi kumangidwa kwawo mu 2006, inalowa bwino m'khoti mu 2009, ndipo inathetsedwa mu May 2023 khoti lisananene kuti ndi olakwa kapena ayi. Mwana wobadwa chaka chomwe inayamba anali akukonzekera mayeso a Fomu 4. Pazaka zonsezo panali kudwala, maulendo a kuchipatala kunja, mafunso a malamulo oyenera kupita kaye kukhoti lina, ndi maboma osinthanasinthana, lililonse ndi maganizo ake pa munthu yemweyo. Mboni zimakalamba, zina zimatisiya, zotsala zimayamba kuiwala. Kwacha nayonso imakugwirirani ntchito osaituma: ikamagwa, mlandu umachepa wokha. Ndalama yomwe poyamba inkaimitsa anthu mutu, pakatha zaka khumi ndi zisanu imangokwana kukonzera kamsewu kamodzi, ndipo anthu amayamba kufunsa kuti kodi nkhalambayi tikuivutitsiranji.

Zonse zikalephera, pali gawo 99 la malamulo aakulu a dziko. Limapatsa mkulu woimira boma pamilandu mphamvu yothetsa mlandu chigamulo chisanaperekedwe, bola akafotokoze zifukwa ku komiti ya aphungu yoona zamalamulo pasanathe masiku khumi. Mu 2022 aphungu anasintha lamulo kuti ACB isamapemphenso chilolezo kwa mkuluyu isanayambe kuzenga mlandu, anthu navina. Khomo lolowera analikulitsa, koma lotulukira linatsala pomwepo, ndipo kiyi wake amasunga munthu wosankhidwa ndi Pulezidenti. Mlandu wa malemu Saulos Chilima, yemwe ACB inamumanga mu November 2022 ali wachiwiri kwa Pulezidenti, unatulukira khomo limeneli mu May 2024. Ubwino wa njirayi ndi woti palibe amapezeka wolakwa. Palibenso amayeretsedwa, koma zimenezo n'za mwini dzina, si zanu.

Anthu akakwiya kwambiri, apatseni komiti. Isankhireni jaji wopuma, m'busa, mfumu yaikulu ndi mayi mmodzi kuti chithunzi chioneke bwino. Alumbire pa wailesi ya kanema, azungulire zigawo zonse zitatu, agone kunyanja polemba lipoti. Tsiku lolandira, ligwireni ndi manja awiri, muyang'ane kamera, mulonjeze kuti muliwerenga mofatsa. Kufatsako kulibe malire. Mu 2021, ndalama za Covid-19 zokwana K6.2 biliyoni zitayenda njira zosadziwika bwino, a Chilima anapatsidwa ntchito younika za maalawansi, kagulidwe ka katundu ndi makontirakiti a ntchito m'boma. Lipoti linaperekedwa kwa Pulezidenti Lazarus Chakwera mu May chaka chomwecho, ndipo anthu atapempha kuti alione anauzidwa kuti linali la Pulezidenti. Apo n'kuti lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma litayamba kugwira ntchito mu September 2020. Lamulo ndi lipoti zinakhala mwamtendere mumzinda umodzi, osaonana.

Musaiwale kuponyako munthu nthawi ndi nthawi. Boma litalipira K750 miliyoni ya feteleza ku kampani ya ku Britain yomwe inapezeka kuti ntchito yake ndi ya nyama, nduna ya zaulimi inachotsedwa mu October 2022, ndipo mitima inatsikako. Pa Cashgate ya 2013, pomwe ofufuza a Baker Tilly anapeza kuti pafupifupi K24 biliyoni inasololedwa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, ena analowadi m'ndende: Treza Senzani zaka zitatu, Oswald Lutepo zaka 11. Mayina oterewa ndi chuma. Mtolankhani akakufunsani za milandu yomwe yaima, muziwatchula.

Ndipo wina akadzati makhoti athu ndi ochedwa, m'tengereni kukhoti la majisitireti Lolemba m'mawa. Aone anyamata akutsika m'galimoto ya polisi awiriawiri, unyolo umodzi manja awiri, wina wopanda nsapato. Wakuba mbuzi alibe loya, alibe kalata ya dokotala, sadziwa kuti pali funso la malamulo aakulu lomwe likadayenera kupita kaye ku High Court. Amuwerengera mlandu, wavomera, mbuzi ili panja yomangirira pamtengo ngati umboni, ndipo nthawi ya nkhomaliro isanakwane wapatsidwa zaka zake. Liwiro lotere ngakhale ku London angasirire.

Omwe munawalanda boma muziwamanga, koma mwaluso. Tsiku labwino ndi Lachisanu madzulo, kuti maola 48 aja oti womangidwa akaonekere kukhoti akawerengedwe bwino munthu akumva udzudzu wa m'chitokosi mpaka Lolemba. Atolankhani adziwiretu. Akatuluka pa belo, musathamangire kumaliza mlandu wake. Mlandu wotha ndi chipolopolo chowombedwa kale, pamene wongolendewera umagwira ntchito tsiku lililonse: mwini wake amayankhula moyeza mawu, ndipo pa voti yovuta m'Nyumba ya Malamulo amapezeka kuti wapita kumaliro.

Pakamwa panu pasachoke mawu atatu. Mlandu ukakhudza wa chipani chanu: nkhaniyi ili kukhoti, sitingayankhulepo. Ukakhudza wotsutsa: lamulo ligwire ntchito, palibe ali pamwamba pa lamulo. Achitatuwo ndi akuti "izi n'zandale," koma amenewo asungeni, ndi a m'tsogolo.

Pakuti tsikulo limafika, Olemekezeka. Mbendera amadzachotsa, foni imadzakhala chete, ndipo m'bandakucha wina mudzamva kugogoda kosakhala kwa mlendo. Konzekeranitu lero. Khalani ndi loya wodziwa nyumba ya jaji woperekera ziletso usiku, ndi dokotala wodziwa kuti kuthamanga kwa magazi kumayamba munthu akangoona galimoto ya ACB. Makhoti omwe munkawanena kuti akulanda ntchito ya boma mudzawatche linga la demokalase, ndipo mudzanene mosaseka. Cholinga si kupambana mlandu, koma kuupirira mpaka chisankho china. Omwe anatuluka m'boma mu 2020 anabwereramo mu 2025, choncho zaka zisanu si zambiri kwa munthu wodziwa kudwala.

Zikavuta zedi, itanani atolankhani, muime pambali pa akuluakulu a chipani cholamula, munene kuti anthu akwanu akutumani kuti mutsate chitukuko. Gawo 65 lisakuopseni, lija loti phungu wosintha chipani ataye mpando. Nalonso limadziwa kudikira ziletso. Nsalu ya chipani chatsopanocho mugule yokwanira inu ndi akunyumba. Yakaleyo musapatse wantchito kuti azikolopera. Ichapeni, muisite bwino, muiike pansi pa sutikesi.