Kodi Limu Yolimba Ndi Iti?

Ndili ndi mafunso kwa inu amene mumadziwa za njinga zothamanga motsetsereka m'mapiri, masewera amene eni ake amawatcha downhill. Ine ndine woonerera chabe, koma ndikamaona anthu akuyenda liwiro lotere pamiyala, maso anga sakhala pa wokwerayo ayi. Amakhala pa mawilo.

Kwa amene simunaonepo, masewerawa amachitika motere: munthu amamukweza pamodzi ndi njinga yake pamwamba pa phiri, kenako amatsika yekhayekha, wotchi ikuwerenga. Ku Fort William, m'dziko la Scotland, kumene mipikisano ya World Cup inayamba kuchitikirako mu 2002, njira yake ndi yotalika makilomita pafupifupi 2.8, ndipo imatsika mamita oposa 500. Akatswiri amaimaliza mphindi 5 zisanakwane, akugunda miyala, mizu ya mitengo ndi maenje, kwina n'kumauluka m'malere. Njingayo ili ndi mashoko oyenda mamilimita pafupifupi 200 kutsogolo ndi kumbuyo, komabe mwala ukakhala wakuthwa, chomwe chimayamba kulandira nkhonya ndi tayala, kenako limu.

Funso langa loyamba ndi ili: bwanji osangopanga limuyo ndi chitsulo? Pajatu timaona akabaza ndi ogulitsa makala akusenza katundu woopsa pa malimu achitsulo chaka ndi chaka. Njinga za Buffalo, zimene bungwe la World Bicycle Relief linabweretsa ku Zambia ndi ku Malawi kuno, kaliyala yake anaipanga kuti izinyamula makilogalamu 100. Mmodzi mwa amene anayambitsa bungweli mu 2005, F.K. Day, ndi mmodzinso mwa amene anayambitsa kampani ya SRAM, yomwe imapanga zipangizo za njinga za m'mapiri zomwezi. Ndiye kuti anthuwa chitsulo amachidziwa bwino. Nanga achisiyiranji?

Yankho lomwe ndimamva ndi loti katundu wokhala phee pa njinga yoyenda pang'onopang'ono ndi wina, nkhonya ya mwala pa liwiro lalikulu ndi ina. Akutinso kulemera kumene kuli m'mphepete mwa wilo n'kumene kumavutitsa kwambiri pofuna kuthamanga, kuima kapena kukhota. Aluminiyamu amatha kuitulutsa m'chikombole ili ndi mphako mkati, makoma awiri, wina pamwamba wina pansi, motero limu imakhala yosagwedera koma yolemera magalamu pafupifupi 600 okha. Apa ndamva, sinditsutsa.

Pamene pandiimitsa mutu ndi pa aluminiyamu ndi kaboni. Limu ya kaboni amaipanga posanjikiza timaulusi ta kaboni n'kutimata ndi utomoni. Mtengo wake umaposa wa aluminiyamu kangapo. Oikonda amati ndi yolimba kwambiri, siipindika, ndipo wilo limakhala lowongoka nthawi yaitali. Izi n'zoona ndithu, chifukwa Greg Minnaar wa ku South Africa anapambana mpikisano wa dziko lonse kwawo ku Pietermaritzburg mu 2013 ali pa malimu a kaboni a kampani ya ENVE. Koma anthu omwewo amavomereza kuti kaboni ikagundidwa mopitirira mphamvu zake siichenjeza. Imang'aluka basi, ndipo ikang'aluka pamenepo palibenso chowongola. Aluminiyamu yokha imapindika m'mphepete, mwini wake n'kutenga sipanala, kuwongola pang'onopang'ono, kupopa mpweya, ulendo n'kupitirira. Ikapindika kambiri imafika pothaitha, inde, koma imatha ukuiona.

Tsono ndiuzeni, pa ziwirizi yolimba ndi iti? Imene imapirira nkhonya zambirimbiri osasonyeza kanthu, tsiku lina n'kusweka kamodzin'kamodzi, kapena imene imavulala msanga koma n'kukufikitsa pansi pa phiri? Ndimafunsa chonchi chifukwa cha zomwe zinachitika ku Leogang, ku Austria, mu 2014. Aaron Gwin wa ku America tayala lake lakumbuyo linaphwa atangoyamba kutsika, kenako linavuka pa limu. Iye sanaime. Anatsika phiri lonselo pa limu yopanda tayala, limu ikulira pamiyala, mpaka kukafika pothera. Mpikisanowo sanapambane, koma limuyo, ya aluminiyamu ya DT Swiss yotchedwa EX 471, anthu akuitchulabe mpaka lero.  Ine zimenezi zinandikhudza. Munthu wofuna chinthu chokhalitsa, kodi si chimenechi chomwe akufuna?

Ena amandiyankha kuti malimu ambiri a kaboni masiku ano ali ndi lonjezo la kampani. Mwachitsanzo a Reserve amalonjeza kuti amene anagula limu yawo yatsopano, ikasweka iye akukwera njinga, amupatsa ina. Lonjezo labwino. Koma funso langa silinachoke. Kodi lonjezo limalimbitsa limu? Munthu amene wapita kumapiri a Whistler ku Canada kwa sabata imodzi, limu n'kusweka tsiku lachiwiri, masiku otsalawo akwera chiyani? Nanga amene akukhala kutali ndi kumene kampaniyo ili ndi sitolo, adikira miyezi ingati, ndipo ndalama zotumizira ndi zamsonkho alipira ndani? Katswiri wa mpikisano ali ndi makaniko wake, ali ndi mawilo ena oyembekezera m'hema pansi pa phiri. Munthu wamba ali ndi mawilo awiri okha amene anagula ndi thukuta lake. Sindikuona chifukwa choti awiriwa azigula zofanana.

Funso lina ndi la kukula kwa limu. Zaka za m'mbuyomo malimu anali opyapyala mkati. EX 471 ija ndi ya mamilimita 25 mkati mwake, pamene ambiri masiku ano amagula ya mamilimita pafupifupi 30. Akuti limu yotakata imagwira bwino makoma a tayala, tayala siligwera kumbali pokhota. Chabwino, nanga bwanji osaitakatitsa kwambiri, mpaka 40? Akuti ukatero tayala limaphwatalala pamwamba, ndipo m'mphepete mwa limu mumatulukira kunja kumene miyala imafika mosavuta. Choncho malire alipo, ndipo 30 imayenderana ndi matayala a mainchesi 2.4 kapena 2.5 amene ambiri amaika. Apa palibe chovuta kumva.

Za mpweya ndiye zandizunguza mutu kwa nthawi. Mwana aliyense amadziwa kuti tayala lofewa limaononga limu. Koma anthu a masewerawa amachepetsa mpweya mwadala, ambiri amapopa pakati pa 22 ndi 30 psi, kuti tayala ligwire nthaka. Akatero mwala umafika pa limu, limu n'kupindika. Kenako amagula chinthu china chofewa chonga siponji cholimba, monga cha CushCore, n'kuchilowetsa mkati mwa tayala kuti chiteteze limu ku mwala umene auitana okha. Matayalawo alibe chubu, amathiramo madzi omata amene amatseka timabowo taminga, ndiye limu ikapindika m'mphepete mpweya umathawira pomwepo. Ndiye ndimafunsa kuti, munthu amene akuswa malimu mwezi ndi mwezi, wolakwa ndi limu kodi? Mwina akanawonjezera mpweya pang'ono, kapena kugula tayala la makoma okhuthala lopangidwira masewera amenewa, limu yomweyo ikanakhala zaka. Ogulitsa sakamba zambiri za izi, koma kwa ine zikuoneka kuti kukhalitsa kwa limu kumayambira pa pampu.

Nanga masipoko? Anthu akamakangana za malimu amatchula mayina a makampani, koma sindimva akutchula munthu amene anamanga wilo. Mawilo ambiri a masewerawa ali ndi masipoko 32, olukidwa modutsana katatu. Akakhala omangidwa mofanana mphamvu, wilo likagunda pansi katundu amagawikana. Wina akakhala wolefuka, amayamba kumasuka, anzake n'kusenza katundu wake, limu n'kuyamba kupepeluka. Palinso chinthu chimene poyamba chimamveka chosemphana ndi nzeru: masipoko opyapyala pakati, a mamilimita 1.8 pakati ndi 2.0 kumapeto, amakhalitsa kuposa okhuthala ponseponse, chifukwa pakatipo pamatanuka pang'ono n'kuteteza kumapeto kumene sipoko imakonda kudukira. Taonani, apanso chinthu chololera kutanuka n'chimene chikupulumuka. Kodi ndiye limu yodula yomangidwa mwachisawawa ingapose limu yamtengo wapakati yomangidwa ndi mmisiri woleza mtima? Ine ndikukana.

Za kukula kwa wilo ndingodutsapo. Kale onse anali pa mainchesi 26, kenako 27.5. Mu 2017 ku Lourdes, ku France, timu ya Santa Cruz Syndicate inabwera ndi mawilo a mainchesi 29, ndipo Minnaar anapambana nawo ku Fort William chaka chomwecho. Lero ambiri amaika 29 kutsogolo ndi 27.5 kumbuyo. Wilo laling'ono lili ndi masipoko afupiafupi, choncho limakhala lolimbirapo, ndipo lili kumbuyo kumene nkhonya zambiri zimagwera. Izi zikundibweretsera funso lomaliza: ngati wilo lakumbuyo ndi limene limazunzika kwambiri, n'chifukwa chiyani anthu amagula malimu awiri ofanana? Sangaike yolemererapo kumbuyo ndi yopepukirapo kutsogolo? Ena amatero kale, ndipo ndikuganiza kuti akuchita bwino.

Mafunsowa sindikufunsira kusewera. Limu ikasweka pa liwiro lotere, munthu amagwa pamiyala, ndipo mafupa sagulidwa m'sitolo. Mnyamata kapena mtsikana amene akuyamba kumene masewerawa amaona zimene akatswiri akwera, n'kuganiza kuti chodula kwambiri ndiye chotetezeka kwambiri. Atandifunsa ine, ndingamuuze kuti agule limu ya aluminiyamu ya mamilimita pafupifupi 30 mkati ndi mabowo 32, aipereke kwa mmisiri wodziwa kumanga wilo, ndipo ndalama yotsalayo agulire tayala lokhuthala ndi kachipangizo koyezera mpweya. Inu amene mwaswapo malimu a mitundu yonse iwiri, ngati pali pamene ndaphonya, mundiuze.