Kuwongola mtengo mpoyamba, nanga msana?

Mu Disembala 2023 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo a kasamalidwe ka msana wopweteka kwa nthawi yaitali, ndipo mwa zina linati wodwala, ngakhale waimvi, aziphunzitsidwa masewera olimbitsa thupi m'malo momangidwa lamba m'chiuno. Malangizowa anauchititsa manyazi mwambi wakuti kuwongola mtengo mpoyamba, pakuti akusonyeza kuti agogo amene anauma kale akhoza kufewako ndithu.

Komatu palibe kumene mwambiwu umamveredwa kuposa m'minda ya tiyi ya ku Thyolo, kumene mbewuyi inayamba kubzalidwa mu 1908. Tiyi ndi mtengo weniweni, woti atausiya ukhoza kupitirira denga la nyumba, koma amaudulira uli waung'ono, nabwereza kutero pakapita zaka zingapo, kuti usapitirire m'chiuno mwa munthu. Pamwamba pake pamasalala ngati tebulo, ndipo othyola ena amagoneka ndodo pamasamba kuti pasapezeke nthambi yodzikweza. Mtengo wa ku Makwasa kapena ku Satemwa unaleredwa bwino kwambiri, moti amene amapindika ndi munthu wouthyolayo.

Wothyola amaweramira kutsogolo pang'ono, kosafika pogwada, kosafikanso poima, uku dengu likulemera kumsana, manja akutsina masamba awiri ndi nsonga kuyambira m'mawa, makamaka m'dzinja pamene tiyi amaphuka mosapumira. Katundu yenseyo amagwera timafupa tisanu ta msana wa m'munsi, pamodzi ndi minofu yotigwira.

Akatswiri a fiziyotherapi, kutanthauza kuchiritsa thupi polisuntha, polilimbitsa ndi politikita, amene amapezeka m'malo monga Kachere ku Blantyre, ali ndi mankhwala osafuna ndalama. Munthu aime, agwire m'chiuno, apindikire chagada pang'onopang'ono kangapo. Madzulo agone chagada n'kukokera mawondo pachifuwa. Kenaka agwade, manja pansi, azikweza ndi kutsitsa msana monga achitira mphaka podzuka. Chomalizachi ndi chimene chili ndi mavuto. Bambo wa ana asanu amene angapezeke akukwawa pamphasa, msana uli m'mwamba, sangachedwe kuitaniridwa abusa kapena sing'anga, ndipo akayesa kuchitira kumunda, pakati pa mizere, kapitawo angaganize kuti wataya ndalama m'matope n'kubwera kudzamuthandiza kufufuza. Mayi yemwe angakokere mawondo pachifuwa apongozi ali pakhonde, nkhani yake ikathera kwa ankhoswe, amene nawonso misana yawo ikuwawa koma sanena.

M'tauni muli anthu amene amalipira mwezi ndi mwezi kuti wina aziwalamula kuwerama ndi kunyamula zolemera, ntchito imene ku Thyolo munthu amalandira nayo malipiro, ngakhale ochepa. Kusiyana kwake n'kwakuti wa m'tauni akatopa amaleka. Masewera owongola msana amafuna mphindi zochepa chabe, koma kwa munthu amene tsiku lake limayezedwa pasikelo, mphindi iliyonse yoima chilili ndi masamba osathyoledwa, ndipo sikelo silemba kuti mwini dengu anali kuchita zimene a WHO analangiza. Eni minda amene amadziwa chaka chodulira chigawo chilichonse cha tiyi sangalephere kupeza m'ndandanda womwewo nthawi yoti othyola atule madengu, agwire m'chiuno, ayang'ane kumwamba onse pamodzi, kapitawo ali patsogolo kuti pasakhale woseka mnzake.