Ulosi wa pa Bua ndi Zida Zake

Bua ndi dzina la mtsinje umene umayambira m'boma la Mchinji, n'kudutsa m'nkhalango yosungirako nyama ya Nkhotakota, n'kukathira m'nyanja ya Malawi chakumpoto kwa tawuni ya Nkhotakota, ndipo dzina lomwelo limatchulidwanso ponena za midzi, minda ndi timisika tozungulira mlatho umene msewu wa M5 umawolokerapo mtsinjewu. Ophunzira alemba zambiri za mpunga wa m'sikimu ya m'derali, za mpasa, nsomba imene imachoka m'nyanja n'kukwera mtsinje kukaikira mazira, ndi za njovu pafupifupi 500 zimene bungwe la African Parks linasamutsira m'nkhalangoyi kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017. Koma ntchito imene ili ndi anthu ambiri kuposa usodzi ndi ulimi, imenenso sifuna mpamba, chiphaso kapena bwato, sinafufuzidwe mokwanira, ndipo ntchitoyo ndi yolosera zam'tsogolo.

Ulosi wa pa Bua umasiyana ndi wa m'mabuku opatulika pa mfundo imodzi, yakuti kawirikawiri umalengezedwa chinthucho chitachitika kale. Mlosi, kutanthauza munthu aliyense wokhala pabenchi la pagolosale, pa bawo kapena pamthunzi podikira minibasi ya ku Dwangwa, amayembekeza kuti msewu uduke, shuga asowe kapena banja la mnansi lithe, ndipo zikatero amapukusa mutu n'kunena kuti, "Ndinanena ine." Mawuwa safuna mboni, chifukwa amene akanakhala mboni nayenso amakhala akudikira mpata woti anene kuti ananena, ndiponso mwambo sulola kufunsa munthu wamkulu tsiku ndi malo amene ananenera.

Nthambi yolemekezeka kwambiri ya ulosiwu ndi ya mitengo ya katundu, popeza ndi yokhayo imene munthu amalimba mtima kulankhula zinthu zisanachitike, ndipo wonena kuti sopo akwera sabata yamawa sanachitepo manyazi m'mbiri yonse ya msika. Pamene Banki Yaikulu ya dziko lino inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kuichepetsanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mwakuti dola imodzi ya ku America inafika pa K1,700, dolayo sinachedwe kulowa m'chinangwa, mu usipa ndi mu bonongwe, zinthu zimene sizinawolokepo malire a dziko lililonse. Mayi wogulitsa masamba akafunsidwa chimene chakweza bonongwe womera yekha kuseri kwa khola, amayankha mofatsa kuti, "Dola, bambo." Yankholi limaseketsa amene anapita kusukulu, komabe lili ndi nzeru kuposa kuseka kwawoko, chifukwa mayiyo sasamba bonongwe ndipo mwana wake savala bonongwe, pamene sopo, mchere, mafuta ophikira ndi yunifolomu zonse zimamvera dola. Chimene akatswiri a zachuma sanafotokoze bwino n'chakuti mtengo wokwera chifukwa chakuti mafuta a galimoto asowa sukumbuka njira yobwerera mafutawo akapezeka.

Kukweza mtengo kulipo kwapoyera ndi kwaulemu, ndipo kwaulemuko kumasiya mtengo pamene unali n'kuchepetsa mulu. Mulu ndi muyeso wa usipa, tomato kapena mbatata umene kukula kwake kumadziwika ndi mwini wake yekha, ndipo umamangidwa mwaluso, tinsomba toduka mitu tili pansi, tonenepa tili pamwamba titagonekedwa mimba ili kumsewu, zala zikukokera m'mbali monse kuti kaphiriko kaoneke katali. Chigoba cha malita asanu choyezera mpunga nachonso chili ndi mitundu iwiri, chifukwa cha venda wogula kwa mlimi chimakhala chitafufumitsidwa ndi madzi otentha, pamene cha wogulitsa kwa munthu wokaphika pansi pake pamakhala patakankhidwira m'kati, koma zonse ziwiri zimatchedwa malita asanu popanda wotsutsa. Bungwe la Malawi Bureau of Standards limayesa masikelo, ndipo la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula, koma mulu ndi chigoba zimadzilamulira zokha.

Kunenerera, kumene ndi kukambirana mtengo pakati pa anthu awiri amene onse akudziwa kale pamene nkhani ithere, kuli ndi ndondomeko yosalumphika. Wogula amafunsa mtengo akuyang'ana kumbali ngati kuti nsombazo wangokumana nazo mwangozi, ndipo akaumva amagwira pakamwa n'kunena kuti, "Aa, mayi, mukufuna ana akagone ndi njala?" Wogulitsa amayankha kuti, "Kunyanja kuli mwera, achimwene, alovi sanalowe." Mwera ndi mphepo yochokera kummwera imene imavundula nyanja makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo alovi ndi anyamata okoka ukonde. Nyanja ikakhala bata, mlandu umagwera mwezi, popeza usipa umakopedwa ndi nyali ndipo subwera mwezi ukawala. Mwezi ukakhala kumdima, nyanja ili bata, mlandu umagwera mafuta a injini, kotero kuti chaka chonse mulibe tsiku losowa chifukwa. Wogula amanyamuka ngati wakwiya, amayenda pang'onopang'ono kuti kuitanako kumupeze asanafike patali, ndipo akabwerera amalandira basera, ndiko kuti tinsomba tiwiri taulere timene tinachotsedwa pa mulu womwewo iye asanafike. Onse awiri amasiyana aliyense akukhulupirira kuti wamuchenjerera mnzake. Mtengo umayang'ananso nsapato, mwakuti wotsika m'galimoto yoyera ya bungwe amagula mpasa pa mtengo umene wapansi akaumva amakafotokoza kumudzi ngati nthano.

Nthambi ina ya ulosiwu ndi ya nyengo. Kusintha kwa nyengo, malinga ndi asayansi, ndi kuwonjezereka kwa kutentha kwa dziko lonse chifukwa cha mpweya wochokera ku malasha, mafuta ndi nkhalango zotenthedwa, umene umatsekereza kutentha mumlengalenga n'kusokoneza kagwedwe ka mvula. Nkhaniyi si yoseketsa m'dziko limene namondwe wa Freddy anapha anthu oposa 600 m'chigawo chakummwera mu Malichi 2023, ndipo si yachilendo kwa anthu a ku Nkhotakota, amene kumapeto kwa Febuluwale 2024 anaona madzi osefukira akugwetsa nyumba cha ku Dwangwa ndi kudula msewu wa M5. Mwezi wotsatira womwewo boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba yobwera ndi El Niño, ndiko kutentha kwa madzi a m'nyanja yamchere ya Pacific kumene kumachepetsa mvula kummwera kwa Africa, ndipo chaka chomwecho nyanja ya Malawi inakwera n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo a m'mphepete mwake. Kwa alimi ndi asodzi chinali chaka chowawa, koma kwa alosi chinali chaka cha zokolola, chifukwa amene amati ananena za chigumula ndi amene amati ananena za chilala onse anapezeka olondola pa benchi limodzi.

Mawu akuti kusintha kwa nyengo atazolowereka, anapatsidwa ntchito zina zimene asayansi sanaziganizire. Amatchulidwa ndi wochedwa kumsonkhano wa mfumu, ndi wolephera kubweza ngongole ya banki m'khonde, ndi mkamwini amene munda wa apongozi sanaupalire. Misonkhano yophunzitsa za nyengo imadzaza, makamaka kukamveka kuti kuli alawansi, ndiko kuti kandalama kothokoza munthu chifukwa chomvetsera, ndipo sizachilendo kuona wophunzira wakhama akubwerera kwawo atavala malaya olembedwa za kubzala mitengo, thumba la makala lili pa keliyala ya njinga. Kumuseka munthu wotereyu n'kosavuta, koma chilungamo chimafuna kuti zinenedwe kuti utsi wa mbaula zonse za ku Nkhotakota ndi kadontho poyerekeza ndi wa mafakitale a maiko olemera, ndiponso kuti amene amamuphunzitsawo nsima yawo imaphikidwa pa makala omwewo magetsi akazima.

Nthambi ya boma yoona za nyengo imalengeza ulosi wake pa wailesi, ndipo ulosiwo umaweruzidwa ndi lamulo lolimba, lakuti ukalondola umaiwalika tsiku lomwelo, koma ukaphonya umakumbukiridwa mpaka mvula ya chaka chinacho. Bondo la agogo, limene limawawa mvula ikayandikira, ndi maluwa a mango, amene akachuluka amati kukubwera njala, zimaweruzidwa ndi lamulo lotembenuza, ndipo n'chifukwa chake sizinaphonyepo. Poipa pake ndi pamene mvula yachedwa n'kuyamba kufunafuna woimanga, popeza chala sichiloza ku Pacific koma kwa woumba njerwa kapena kwa nkhalamba yokhala yokha kumapeto kwa mudzi, ngakhale kuti lamulo la za ufiti la 1911, limene likugwirabe ntchito, limaletsa kutchula munthu mfiti.

Pa zida za ulosiwu palinso makhadi. Makhadi olosera, amene kunja amatchedwa tarot, amakhala 78, ndipo anayambira ku Italy m'zaka za m'ma 1400 ngati masewera wamba, asanasandutsidwe chida choombezera ku France kumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Pa Bua afika kudzera pa foni, pamene mayi wa ku London kapena ku Johannesburg amatembenuza khadi pa TikTok n'kuuza aliyense woonera kuti ndalama zili m'njira ndiponso kuti pali munthu amene akumuganizira usana ndi usiku. Gawo lachiwiri la ulosiwu limakwaniritsidwa mosaphonya, chifukwa munthu womuganizirayo alipodi, ndipo ndi amene anamukongoza katapila, ngongole ija imene chiwongoladzanja chake chimakula msanga kuposa mwini ngongole. Makhadi enieni ogwirika ndi a njuga, amene amayenera kukhala 52 koma kawirikawiri ena amakhala odulidwa ku katoni ya sopo n'kulembedwa ndi bolopeni, ndipo amalosera chinthu chimodzi chokha, chakuti ndalama ya ndiwo sifika kunyumba. Pamwamba pa onsewa pali tikiti yobetchera mpira, kapepala kamene kamasandutsa mnyamata wosadziwa ngati mvula igwa mawa pa Bua kukhala katswiri wa zigoli za matimu a ku Turkey, ndipo kulira kwake kumakhala kumodzi sabata iliyonse: "Timu imodzi yokha ndiyo yandigwetsa, akulu."

Ula wakale, umene ndi kufunsa kwa sing'anga chimene chayambitsa vuto, sunathe ayi, koma unangosintha nthawi yogwirira ntchito. Anthu olemekezeka amaudzudzula masana, ndipo usiku amatsanzika kuti akukazonda mlamu wodwala kutsidya kwa mtsinje, kumene nthawi zina amakumana pakhomo limodzi ndi amene anadzudzula nawo masana aja, n'kupatsana moni waulemu popanda wofunsa za mlamu wa mnzake. Chochititsa chidwi n'chakuti ula, makhadi ndi aneneri a m'misika amagwirizana pa wolakwa, amene nthawi zonse ndi wachibale wansanje. Sipanamveke woombeza amene anapeza kuti mpunga unakanika chifukwa feteleza anathiridwa mochedwa.

Chida chotsala ndi laibulale, ndiko kuti malo osungira mabuku oti anthu aziwerenga ndi kubwereka. Bungwe la National Library Service linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967, ndipo bungwe la NICE, limene linayamba mu 1999, lili ndi malo owerengera m'maboma, kumene nyuzipepala imawerengedwa motsata mwambo wake, kuyambira tsamba la ntchito, kenaka la mpira, ndipo ikakalamba imamaliza utumiki wake pokulunga zitumbuwa. Koma m'masukulu ambiri a kumudzi laibulale ndi kabati ya mu ofesi, ndipo mabuku a m'menemo amalemekezedwa kwambiri moti salola kuti mwana awadetse ndi manja. Kiyi wa kabatiyo amakhala ndi mphunzitsi mmodzi, amene pa tsiku limene mwana wabwera kudzabwereka buku amakhala atapita kuboma kukaona ngati malipiro alowa. Kabatiyo imatsekulidwa alendo opereka thandizo akabwera, pamene ana ovala bwino amapatsidwa buku aliyense kuti ajambulidwe, ndipo galimoto ikangokhota, mabuku amawerengedwa kuchuluka kwake n'kubwezedwa, mwakuti owerenga ake okhulupirika amatsala chiswe ndi mphemvu.

Zimenezi zikanangokhala zoseketsa pakanapanda chitsanzo cha m'boma loyandikana nalo la Kasungu, kumene William Kamkwamba, atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, anabwereka buku lotchedwa Using Energy mu kalaibulale ka pa Wimbe, n'kupanga makina oyendera mphepo opangira magetsi ali ndi zaka 14. Mnyamatayo akanakhala wa pa Bua, a pabenchi akanamutcha wamisala akutola zitsulo kudzala, ndipo babu litayaka akanakumbutsana kuti onse ananena kuti mwanayo adzapita patali. Pa zida zonse zolosera zimene deralo limadalira, kabati ya mabuku ndi yokhayo imene silipiritsa nkhuku kapena mayunitsi, imene yankho lake munthu angalibwerere mawa n'kulipeza lisanasinthe, ndiponso imene imafotokoza za El Niño ndi za kugwa kwa kwacha popanda kutchula azakhali a munthu.

Pempho lopita kwa makomiti a sukulu a m'derali ndi lakuti adulitse kiyi wachiwiri wa kabati n'kumusiya kwa munthu amene sapitapita kuboma, ndipo achite zimenezi sabata ino, chifukwa mtengo wodulira kiyi nawonso ukwera Lolemba.