Mapanga Awiri, Tikiti Imodzi

Akuluakulu akale, amene ndege sanaionepo ngakhale kumaloto, anatisiyira mwambi woyenera kuupachika pakhomo la bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi: mapanga awiri avumbwitsa. Ankanena za munthu amene mvula yamupeza paphiri, uku phanga, uko phanga, iye n'kuima pakati kuyerekeza kuti lokongola ndi liti, mpaka malaya kumata kumsana. Mnzake amene anaona phanga limodzi lokha, lonunkha mileme, wakoleza kale moto, akuotcha chimanga.

Ife a ku Mtengowanthenga ndege timazidziwa ndi makutu. Lumbadzi ndi pafupi: ukakwera minibasi pa M1, umafika usanamalize kukangana ndi kondakitala za chenji. Koma kuimva ndege si kuikwera. Okwera ndi ochepa, ndipo okwera kutsogolo kwa katani, kumene amati bizinesi kilasi, mungawawerenge ndi dzanja limodzi zala zina n'kutsala. Mmodzi wa iwo tsopano ndi atsibweni anga, mphunzitsi wamkulu wopuma, mlimi wa fodya wa bale, munthu amene sagula ngakhale khasu asanaligogode ndi kulimvetsera kulira kwake. Mwana wawo wamkazi, namwino ku Manchester, anawaitana kuti akaone zidzukulu. Anati: "Ababa, ndi msana wanuwo simungakhale mothinana usiku wonse. Ndikulipirirani kutsogolo. Inu mungosankha njira." Liwu lakuti "mungosankha" ndi limene linatidyera mwezi.

Kuchoka ku Lilongwe palibe ndege yolunjika ku Ulaya. Uyenera kuyamba wakwera yaing'onopo, ikakutule pabwalo lalikulu la dziko lina, kumeneko ukadikire chindege cha usiku. Msuweni wangayo anatumiza njira zitatu pa WhatsApp, ndipo ine, poti ndine wa foni yoonetsa zithunzi, ndinasanduka loya wa banja.

Yoyamba inali ya Addis Ababa, ndi Ethiopian Airlines. Awa ndi ngati akuchikamwini kwathu kuno: Air Malawi itafa ndi ngongole mu 2013, boma linakhazikitsa kampani yatsopano, lokha n'kutenga magawo 51 pa 100, a Ethiopian 49, ndipo ndege zake zinayamba kuuluka mu Januwale 2014. Ndiyo Malawi Airlines ya leroyi. Ethiopian ili mu mgwirizano wa Star Alliance kuyambira 2011, mipando yake ya kutsogolo amaitcha Cloud Nine, ndipo ku Addis ndi ulendo wa maola ngati anayi. Kuchoka kumeneko ili ndi ndege yakeyake yopita ku Manchester. Yachiwiri inali ya Nairobi ndi Kenya Airways, maola awiri ndi mphindi zingapo basi. Awa ali mu SkyTeam pamodzi ndi bwenzi lawo lakale KLM, ndiye ulendo wake ndi Nairobi, Amsterdam, kenako Manchester. Yachitatu inali yodzera ku Joni ndi Airlink, imene mpaka 2020 inkauluka pansi pa dzina la South African Airways, ndipo mu 2024 Qatar Airways inagulamo magawo 25 pa 100. Kuchoka ku Johannesburg, Doha, kenako Manchester.

Yachitatuyi atsibweni anaikana nthawi yomweyo. Anaphunzitsa jogalafe zaka zambiri. "Mphwanga, England ali kumpoto. Munthu wopita ku Mponela sayamba walowera ku Dedza." Ndinayesa kunena kuti m'mlengalenga mitengo ya matikiti sitsata mapu, koma anandiyang'ana monga ankayang'anira mwana wolephera kuloza nyanja ya Chilwa. Motero mapanga anatsala awiri ndendende, mvula n'kuyamba kusonkhana.

Nkhani itamveka, alangizi anatuluka ngati analipo kale kuseri kwa nkhokwe. Mkulu wina wa kumphakati, amene anapitako ku Rome kamodzi, anachenjeza kuti Addis ili pamwamba, mamita oposa 2,300, ndipo usiku kumazizira kuposa Ntchisi mu Juni. Anaonjeza kuti chakudya chawo cha injera n'chowawasa, munthu wa nsima asachiderere. Mnyamata wina wogwira ntchito ku bungwe la zachitukuko anati Nairobi ndiye kuchimake, kuli zipinda zopumulira zotchedwa Simba ndi Pride, tiyi wake wosalipira, umangothira wekha. Titamufunsa ngati analowamo, anati anaona chitseko chake bwinobwino. Atsibweni ankalemba zonsezi m'kope la sukulu, tsamba lagawidwa pakati ndi rula, mbali iyi Addis, mbali iyo Nairobi. Madzulo aliwonse Addis ikatsogola, m'mawa kunkabwera mlendo wa Nairobi.

Chimene chinawasokoneza kwambiri ndi timalemba ting'onoting'ono ta pansi pa nambala ya ndege, takuti operated by. Tikiti ikhoza kukhala ndi dzina la kampani ina, ndege yodzakunyamula n'kukhala ya ina. Eni ake amati codeshare. Ndinavutika kufotokoza mpaka ndinakumbukira zimene zimatichitikira tonse pa M1. Mwakwera minibasi ya ku Kasungu, mwalipira ndalama yonse, ndiye pofika pa Mponela anthu atha, dalaivala waona kuti palibe phindu. Kondakitala anong'onezana ndi mnzake, kenako n'kukuuzani: "Madala, tsikani mukwere iyo, ndalipira kale." Timati atigulitsa. Codeshare ndi kugulitsana komweko, kungoti a ndege amakuuza pasadakhale, molemba, m'Chingerezi, ndipo amene wakugulayo sakana kuti sanalandire ndalama. Atsibweni anagwedeza mutu: "Ndiye kuti ndi anthu omwewa, angosiyana mayunifolomu."

Apa ndi pamene zithunzi zimanyenga. Chithunzi cha bizinesi kilasi chimene chimayenda m'mafoni chimaonetsa mpando wosanduka bedi, munthu atagona chagada, bulangete mpaka pachibwano. Bedi limenelo limapezeka m'zindege za ulendo wautali, monga Boeing 787 kapena Airbus A350. Ndege yokutenga ku Lumbadzi kawirikawiri imakhala Boeing 737 kapena Embraer, ndipo kutsogolo kwake kuli mpando wotakasukirapo, wopendekeka pang'ono, mbale yadothi m'malo mwa yapulasitiki, ndi katani yokubisa kwa anthu amene munali nawo pamzere. Ulendo wina wa m'dziko momwemuno, pakati pa Chileka ndi Lumbadzi, ukhoza kukhala wa Q400, ya mapulopela, imene imayamba kutsika usanamalize kuziziritsa tiyi. Komanso kampani ili ndi ufulu wosintha ndege tsiku lomwelo. Ukhoza kutha mwezi ukusankha mpando, n'kukapeza kuti ndege yake yapita kwina.

Maganizo anga, amene ndinawanena pakhonde ndipo sanalembedwe m'kope, ndi akuti pa kachigawo ka maola awiri kapena anayi mpando si nkhani. Zimene ukugula ndi makilo a katundu, mzere waufupi, pokhala podikira, ndiponso munthu woti akuyankhe zinthu zikasokonekera. Chofunika kuyang'ana ndi ndege ya usiku ija, maola odikira pakati, ndi kuchuluka kwa malo osinthira. Nkhalamba ya msana wovuta imatopa kwambiri ndi makonde aatali a pabwalo kuposa ndi mpando.

Atsibweni eni ake anatikumbutsa kuti kusankhaku n'kwa lero. Bambo awo anakwera ndege kalekale, ya Wenela, popita kumigodi. Inkawatula ku Francistown, ku Botswana, ndipo kuchoka kumeneko ankamaliza pa sitima mpaka ku Joni. Palibe ankawafunsa ngati akufuna pazenera. Maulendo amenewo anaima mu 1974, ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu Epulo n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, Kamuzu n'kuletsa kulemba anthu. Ananena zimenezi, tonse tinakhala chete pang'ono, kenako anatembenuza tsamba n'kufunsanso za tiyi wa ku Nairobi.

Koma mvula yeniyeni ya mwambi uja ndinaionera pa alamu anga, munthu wochenjera mopitirira. Iwo ataitanidwa kumsonkhano kunja, anaona pa intaneti kuti kugula matikiti awiri osiyana kukutchipa: imodzi yowafikitsa pabwalo lalikulu, ina ya kampani ina yowapititsa patsogolo. Makampani awiriwo ndi abwenzi ndithu, zizindikiro zawo zimakhala moyandikana pazikwangwani, ndiye alamu anati palibe vuto. Ndalama yotsalayo anagula jekete. Tsikulo ndege yoyamba inachedwa kunyamuka. Atatera, anauzidwa kuti sutikesi yawo inalembedwa kuti ithere pomwepo, ayenera kutuluka, kudinditsa pasipoti, kukaitenga, n'kukaiperekanso kwa kampani yachiwiri. Pamene ankathamanga ndi ngolo ya katundu, ndege yachiwiri inali ikukweza matayala. Kampani yoyamba inati: ife takufikitsani kumene munalipira. Yachiwiri inati: ife tinakudikirani, simunabwere, ndipo poti simunabwere, tikiti yanu yobwerera nayonso yafa. Onse awiri ankamwetulira. Alamu anagona pabenchi, jekete latsopano likugwira ntchito ya pilo, m'mawa n'kuimba foni kumudzi kuti agulitse mbuzi.

Akanagula tikiti imodzi ya ulendo wonse, ngakhale ndege zikanakhala za makampani awiri, katundu akanamatidwa chizindikiro cha kumapeto kwa ulendo, ndipo kuchedwa kwa ndege yoyamba kukanakhala mlandu wa makampaniwo: kuwapezera ndege ina, ndipo kawirikawiri chakudya ndi pogona. Ubwenzi wa makampani a ndege umagwira ntchito ukalembedwa pa tikiti yako. Ukangokhala pachikwangwani, ndi ubwenzi wawo, iwe sulimo. Akale sanalakwitse kuwerenga mapanga, kungoti sanadziwe kuti kudzabwera mapanga olemberana kalata.

Atsibweni atamva nkhaniyi anaonjeza mzere wachitatu m'kope, n'kupempha sabata ina yoganizira. Sabatayo isanathe, msuweni anaimba mawu atakwera: mtengo umene anauona poyamba watha, mipando yotchipirapo ya kutsogolo ena atenga, ndipo masiku a viza akuyenda. Matikiti a ndege sadikira munthu amalize kusinkhasinkha. Nditatembenuza mtengo watsopanowo kukhala makwacha, kwacha yake iyi imene inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, atsibweni anauwerengera m'mabelo a fodya, n'kupempha madzi akumwa.

Mlandu anaugamula ndi azakhali, amene mwezi wonsewo ankangosenda mtedza osanenapo kanthu. Anandifunsa mafunso awiri okha. "Kodi kumeneko amalola makilo angati?" Ndinati kumbuyo kawirikawiri ndi zikwama ziwiri za makilo 23, kutsogolo ziwiri za makilo 32, njira zonse ziwiri n'chimodzimodzi. "Nanga bambowa atsika kangati asanafike?" Ndinati ku Addis kamodzi, ku Nairobi kawiri. "Apite kotsika kamodzi. Awa amasochera ndi mu msika wa Lilongwe momwe." Kope linatsekedwa.

Makilo 64 aja anali a azakhali, atsibweni anangokhala operekeza. Munalowa ufa woyera, nyemba, mtedza, mpunga wa Kilombero, mabotolo a Nali okulungidwa m'zitenje, ndi usipa womangidwa m'majumbo atatu kuti usanunkhitse suti. Nyama yowamba tinaitulutsa pambuyo pa mkangano waukulu, chifukwa ku Britain salola kulowetsa nyama ndi za mkaka zochokera kunoko. Azakhali anati dziko loopa nyama ya mbuzi ndi dziko lomvetsa chisoni. Zovala za atsibweni zinasowa malo, ndiye anazivala: juzi ziwiri, suti, ndi chikhoti pamwamba, mu Okutobala, pa Lumbadzi.

Atabwerako tinasonkhana kuti timve za mpando, za chakudya, za bedi la m'mlengalenga. Zonsezo anazidutsa ndi mawu amodzi: zinali bwino. Chinawawawa n'china. Mwezi wonse wa kope ndi rula, chimene ankafuna mumtima, chimene sanauze munthu, chinali kuona chigafa chawo ali kumwamba, ndi denga la tchalitchi, kuti adzatiuze mmene mudzi umaonekera kwa akhwangwala. Mpando wa pazenera anaupeza. Unali wa mbali inayo. Anakweza khosi mpaka ndege inalowa m'mitambo, akuona minda ya eni.

Chimene anabwera nacho chokhalitsa ndi kakhadi ka ShebaMiles, ndi chiphunzitso chatsopano chakuti munthu wokhulupirika kwa womunyamula mmodzi ayenera kulandira mapointi. Anayamba ndi mnyamata wa kabaza amene amawatenga pa siteji. "Iwe, zaka zonsezi ndakhala ndikukwera njinga yako yokha. Ku Ethiopia bwenzi pano ndili ndi ulendo waulere. Mapointi anga ndi angati?" Mnyamatayo anaponda sitandi, n'kutulutsa kakope kake m'thumba. "Alipo, madala, ndinalemba. Maulendo awiri a mwezi watha simunalipire."