Uzirani Apa, Mdala

Ku Mecanhelas anthu ambiri sanakagwirepo ndi m'manja komwe kamakina koyezera mowa kaja, bafómetro, koma mankhwala ake aliyense ndi sing'anga. Khalani pabaraka ku Insaca Loweruka madzulo, botolo lachitatu likamatha, mudzaphunzitsidwa ulere: uyu akuti adyo, uyo akuti makala, winayo walumbira pali mayi ake kuti masamba a bulugamu sanamugwiritsepo mwala. Mukamufunsa kuti anauzirapo kangati, amasintha nkhani n'kuyamba za mpira.

Amakamba za dalaivala wina wa chapa wa njira ya ku Cuamba. Anzake anamuuza kuti ndalama yachitsulo ukaivumata pansi pa lilime, kamakinako kamasokonezeka mutu. Ataona apolisi patsogolo, anatenga ya 10 meticais m'manja mwa kondakitala n'kuiponya m'kamwa. Wapolisi anafika pawindo.

"Mwaswera bwanji, mdala? Dzina lanu ndani?"

Mkulu uja anayesa kuyankha lilime lili ndi katundu. Kunangomveka gwi! Ndalama yapita. Maso tong'o, misozi chuchuchu. Kondakitala, m'malo momumenya pamsana, anayamba kudandaula: "Abwana, imeneyo inali chenji ya amayi akhala kumbuyowo!"

Vuto la asing'anga a pabaraka ndi lakuti onse amachiza m'kamwa, pomwe kamakinako m'kamwa kalibe nako ntchito. Mowa ukafika m'mimba umalowa m'magazi, magazi amadutsa m'mapapo, ndipo kamowa pang'ono kamatuluka ndi mpweya. N'chifukwa chake wapolisi amakuumirizani kuti "pitirizani, pitirizani", akufuna mpweya wa pansi penipeni. M'timakina ta m'manja tambiri muli kachitsulo ka platinamu komwe kakakumana ndi mowa kamatulutsa magetsi ochepa, ndipo magetsiwo ndi amene amasanduka nambala. Masamu ake amatengera kuti mowa wa m'mamililita 2,100 a mpweya ndi wofanana ndi wa mu mililita imodzi ya magazi. Mkulu amene anatchukitsa njirayi, Robert Borkenstein, anali wa kupolisi ya Indiana ku America, ndipo makina ake anatuluka mu 1954. Ndiye kuti anali munthu amene ankadziwa kale mabodza a zidakwa.

Mnyamata wina wa njinga yamoto, wonyamula mabasiketi a matemba kuchokera kugombe la Chilwa, sanafune kudalira mankhwala amodzi. Anatafuna adyo mutu wathunthu, anyezi wamuwisi, n'kutsirizira ndi matemba odzaza dzanja. Atauzira, wapolisi anabwerera m'mbuyo mapazi atatu n'kukatsamira mtengo wa mango. Kamakina kokha ndi kamene sikanagwedezeke, kalibe mphuno. Nambala inatuluka yonenepa bwino. "Chindapusa chake ndi chimodzi," anatero wapolisi atatseka mphuno ndi chipewa, "koma likanakhala lamulo langa, ndikanakulembera ziwiri."

Azungu nawo anayesa zomwezi pakanema. Pulogalamu ya MythBusters mu 2003 inamwetsa anthu mowa n'kuyesa ndalama zachitsulo, anyezi, maswiti onunkhira, ngakhale batire. Palibe chinathandiza. Koma mpikisano wonse anawina ndi mnyamata wa ku Alberta ku Canada, mu 1985. Atamukweza m'galimoto ya polisi, anang'amba kabudula wake wamkati n'kuyamba kudya, poganiza kuti nsaluyo ikamwa mowa wa m'mimba. Chomvetsa chisoni n'chakuti atamuyeza anapezeka kuti sanapyole malire, khoti linamumasula. Kabudula anapita pachabe.

Tsono tisakapatse ulemu wonse kamakinaka, nako kamanama. Mkulu wa mpingo wina, munthu woti mowa sanaulawepo chibadwire, ankapita kuukwati ndi akazi ake panjinga yamoto. Asananyamuke anachukucha m'kamwa ndi mankhwala aja a m'botolo onunkhiritsa mpweya. Sanayende mtunda, apolisi. Anauzira monyadira, chifuwa patsogolo. Nambala imene inatuluka inali ya munthu woti wagona m'mbiya. Mayi anatsika pang'onopang'ono, kukonza chitenje, n'kunena motsitsa mawu: "Bambo a ana, ndiye misonkhano ya akuluampingo ya Lachisanu ija ndi imeneyi?"

Mkuluyo anali wosalakwa. Ena mwa mankhwala amenewo, monga Listerine wakale uja, ali ndi mowa pafupifupi 27 peresenti, kuposa mowa wa 2M kapena Manica kangapo. Mowa wotsalira m'kamwa umanamiza kamakina, n'chifukwa chake woyeza wodziwa ntchito amadikira mphindi 15 kapena 20 asanakuyezeni kachiwiri. Kugeya nako kumakweza mpweya wa m'mimba n'kuwonjezera nambala. Ndipo aja amene amabanika kaye mpweya asanauzire, poganiza kuti akuubisa, amangoupatsa nthawi yoti ukhute mowa. Nambala imakwera m'malo motsika. Onani tsoka lake: pa zonsezi wovulala ndi inuyo.

Kamafunanso kukonzedwa ndi kuyesedwa pafupipafupi ngati sikelo ya wogula nandolo, ndipo tonse tikudziwa zimene sikelo imachita ikasiyidwa m'manja mwa mwini wake yekha. Mu 2019 nyuzipepala ya New York Times inapeza kuti m'chaka chimodzi oweruza a ku Massachusetts ndi New Jersey anataya zotsatira zoposa 30,000, chifukwa makina sanali kusamalidwa bwino ndipo oyang'anira ankalakwitsa. Kumeneko ndi ku America, kopanda fumbi la mwezi wa October. Nthawi zina vuto silikhala la makina: ku Belgium mu 2024 khoti linamasula bambo wina madokotala atatsimikiza kuti m'mimba mwake mumafuluka mowa pawokha akadya zakudya wamba. Ndi matenda enieni koma osowa kwambiri. Nkhaniyi itafika pabaraka ina, akuti amuna asanu ndi mmodzi anagwira pamimba nthawi imodzi n'kunena kuti nawonso akhala akumva zizindikiro.

Nkhani ya ku Entre Lagos, pamalire ndi Malawi, ndiyo ya malamulo. Ku Mozambique malire a woyendetsa wamba ndi magalamu 0.6 a mowa mu lita imodzi ya magazi. Ku Malawi ndi 0.8. Pakati pa Entre Lagos ndi Nayuchi mtunda wake ndi waufupi, njanji ya sitima za malasha zochokera ku Moatize kupita ku Nacala ndi imodzi yomweyo. Mkulu wina wogulitsa mpunga atauzira, zinatuluka 0.7. Anayang'ana nambalayo, kuyang'ana kumadzulo, n'kuvula chipewa.

"Shefi, tiyeni timvane. Ine ndaledzera ku Mozambique kokha. Mundilole ndikankhe njingayi mpaka pa Nayuchi, mukaona nokha kuti ndili bwinobwino."

"Pitani," anatero wapolisi, "koma njingayo ndi ya ku Mozambique, itsala."

Chimene chimatsitsa nambala ndi chiwindi basi, ndipo chiwindi sichithamangitsidwa. Pa ola limodzi chimawotcha mowa wokwana ngati botolo limodzi laling'ono. Khofi, kusamba madzi ozizira, nsima ya chinangwa mitanda inayi mowa utalowa kale m'magazi, zonsezo zimangokusandutsani chidakwa chokhuta, chosamba ndi chopanda tulo. Wakachasu wa usiku wonse akhoza kuuzira m'mawa, atavala malaya ositasita, nambala n'kumamudikirabe.

Mphunzitsi wina wopuma anafotokoza zonsezi pabaraka, mpaka kujambula chiwindi pansi ndi kamtengo. Mdala wina amene anali atagwetsa mabotolo anayi a Impala, uja wa chinangwa wofululidwa ku Nampula kuyambira 2011, anamvetsera mwachidwi n'kuwerenga zala.

"Ndiye mukuti maola anayi, aphunzitsi?"

"Anayi, kapena kuposa."

Mdala anaika makiyi a njinga m'thumba, kukhala bwino pabenchi, n'kukodola mwini baraka. "Mwamva nokha, mlamu. Ine lamulo ndimalilemekeza, pano sindichoka mpaka maola anayi akwane. Tandipatsani ziwiri zodikirira."