Kutchuka sikulipira lendi

Mwana akati akufuna kudzakhala woyimba, makolo amafunsa kuti, "Chabwino, nanga ntchito udzagwira yanji?" Musawaseke, akudziwapo kanthu.

Kale kaseti ikalowa kwa O.G. Issa, wogulitsa nyimbo uja, kangachepe kankabwera. Lero nyimbo ikatuluka m'mawa, pofika masana mnyamata wa kompyuta mumsika waibena kale m'mafoni a anthu, ndalama yake n'kudyera chipisi. Mwini nyimbo amatsala ndi malayiki a pa Facebook, omwe alandilodi sawalandira. Giddes Chalamanda anakalamba ndi gitala m'manja, koma dziko linadzamuvinira Linny Hoo pa TikTok atapitirira zaka 90, ovinawo osadziwa n'komwe kuti Chiradzulu, kwawo kwa mkuluyu, ili kuti.

Bungwe loteteza ntchito za aluso la COSOMA limagawa ndalama ndithu, koma mwa apo ndi apo, pamene mimba imafunsa tsiku lililonse. Ndiye pamatsala mashowo. Wokonza amati, "Achimwene, bwerani anthu akudziweni, zinazo tiona za pageti." Pagetipo azisuweni ake alowa ulere, azilamu ake ulere, anzake a azilamuwo ulere. Showo ikatha foni yake yazima, woyimba ng'oma akufuna ya thiransipoti, ndipo mwini masipika wakhalira sipika yake mpaka mumulipire.